Mbiri ya Cithunzi ca Cifuwa, Mboni Yosaona Zonse

Kuno ku Thyolo, munthu akadwala cifuwa nthawi yaitali, abale ace amati, "Apite akamjambule." Ndipo pakubwera iye kucokera kucipatala, amfunsa mau amodzi okha, kuti, "Cithunzi cati bwanji?" Cikati m'cifuwa muli bwino, onse akondwera, munthuyo nabwerera kukathyola tiyi, cikati muli mthunzi, onse ati ndi cifuwa cacikuru, nayamba kuwerenga miyezi ya mankhwala. Tafika pakuyesa cithunzi cimeneci woweruza wotsiriza, amene mau ace sabwezedwa. Cifukwa cace m'mwezi uno tifuna kulondola mbiri yace, kumene cinacokera, ndi umo anthu anzeru anaciyesera zaka zambiri, kuti tidziwe cimene cikhoza kutiuza ndi cimene sicikhoza, makamaka pa nthenda ija yoopsa imene madotolo aicha khansa ya m'mapapo.

Pa 8 November 1895, mphunzitsi wina wa sukulu yaikuru ya ku Würzburg, m'dziko la Germany, dzina lace Wilhelm Röntgen, analikuyesa mphamvu ya magetsi m'cipinda ca mdima, napeza kuunika kwa mtundu wina kosaoneka ndi maso, kumene kupyoza pepala, ndi thabwa, ndi mnofu wa munthu womwe. Posadziwa kuti nciani, anakucha X, ndico cilembo cimene ophunzira masamu aika pa cinthu cosadziwika. Ndipo kufikira lero tinena X-ray. Caka cisanathe anajambula dzanja la mkazi wace, mafupa naoneka pamodzi ndi mphete ya pa cala. Mbiri yace inabuka m'maiko onse, ndipo m'caka ca 1901 analandira mphotho ya Nobel.

Macitidwe a kuunikako ali otere. Pa mpweya kupita kosabvuta, koma cinthu colimba cikuletsa. Mapapo abwino ali odzala ndi mpweya, ndiye aoneka akuda pa cithunzi; nthiti ndi mtima zioneka zoyera. Tsono ciri conse cimene calowa m'malo mwa mpweya, kapena mafinya, kapena madzi, kapena cipsera ca nthenda yakale, kapena cotupa, cioneka ngati mtambo woyera pakati pa kuda. Apa pagona mutu wa nkhani yathu yonse: cithunzi cionetsa mthunzi, koma dzina la mwini mthunziwo sicichula.

M'zaka zomwezo dziko lathu lino linalikusandulika. Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje m'caka ca 1891, ndipo kuyambira 1908 tiyi anakwera m'mapiri a Thyolo, amene Azungu analemba Cholo. Minda inacuruka, monga wa Satemwa umene unayambika m'caka ca 1923, ndipo inafuna manja ambiri. Alomwe anaoloka malire kucokera ku dziko la Apwitikizi, nakhala pa minda ya Azungu pamodzi ndi Amang'anja, nalipira malo ndi nchito ya thangata. Anthu anagona mothinana m'nyumba zazing'ono za utsi, ndipo pamene anthu athinana cifuwa cacikuru siciyenda ulendo wautali. Misyoni ya Malamulo ku Makwasa, imene inayamba m'caka ca 1902, inakhala ndi cipatala cimene cinamveka kutali cifukwa ca kuciza akhate. Koma zaka zambiri dotolo wa m'dziko muno anadziwa za m'cifuwa ca munthu ndi khutu lace ndi zala zace basi.

Amuna ambiri a kwathu anayamba kukomana ndi makina ojambulira cifuwa kutali, ku migodi ya golidi ya ku Joni. Pfumbi la mwala wa m'migodiyo lilowa m'mapapo, nilisiya zipsera zosapola. M'caka ca 1916 boma la kumeneko linaika bungwe la madotolo ku Johannesburg lakuyesa zifuwa za anthu a m'migodi. Azungu anajambulidwa kawiri kawiri. Anthu akuda, kwa zaka zambiri, anangoikidwa pa sikelo ndi kumvedwa m'cifuwa, ndipo woonda ndi wotsokomola anabwezedwa kwao. Pambuyo pace panadza njira imene anaipeza Manoel de Abreu wa ku Brazil m'caka ca 1936, yakujambula anthu ambiri pa mzere pa tizithunzi tating'ono, ndipo inafika ku migodi komwe. Inali njira yacangu ndi ya mtengo wocepa, koma kacithunzi kakang'ono kabisa zimene cithunzi cacikuru cikadaonetsa. Pofika ciyambi ca zaka za 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyo, kufikira ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'caka ca 1974, nipha anthu athu oposa 70, boma niliimitsa kulemba anthu. Ambiri anabwerera ku midzi ndi mithunzi m'zifuwa zao, ndipo ena ali nafe m'mipingo kufikira lero. Tisaiwale amenewa, pakuti tidzabwereranso kwa iwo.

Nthawi yonseyi cithunzi cinalikusaka cifuwa cacikuru ndi nthenda ya pfumbi. Koma ku Ulaya ndi ku America madotolo anazizwa kuona nthenda yina, imene kale inali yosowa, irikupha amuna ocuruka caka ndi caka. Imeneyi ndiyo khansa ya m'mapapo: kanyama ka thupi la munthu mwini kamene kayamba kukula kopanda lamulo, nikasanduka cotupa, nikatumiza mbeu zace ku ciwindi, ku mafupa ndi ku ubongo. Sipatsirana monga cifuwa cacikuru, ndipo mankhwala a cifuwa cacikuru saikhudza konse. M'caka ca 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill a ku London anaonetsa poyera kuti muzu wace waukuru ndiwo kusuta fodya, ndipo caka comweco ena a ku America anapeza cimodzimodzi.

Pamenepo anthu anaganiza motere: popeza nthendayi ipha cifukwa ipezeka mocedwa, tiyeni tijambule osuta fodya onse asanadwale, tidzaigwira ikali yaing'ono. Maganizowo anaoneka anzeru, ndipo ambiri anawalandira osafunsa. Koma ena anati, Tiyese tione. Kuyambira caka ca 1971 cipatala ca Mayo ku America cinatenga amuna osuta fodya 9,211, niciwagawa magulu awiri. A gulu limodzi anajambulidwa ndi kuyesedwa makhololo miyezi 4 iri yonse kwa zaka 6. A gulu lina anangolangizidwa kuyesedwa kamodzi pa caka. Pakutha pace, m'gulu lojambulidwa kawiri kawiri munapezeka zotupa zambiri, koma maliro sanacepa. Ena anakayika, nati anthuwo anali owerengeka. Ndiye kuyambira 1993 anayesanso ndi amuna ndi akazi oposa 154,000. Theka la iwo linajambulidwa caka ndi caka, theka lina ai. Pamene anawerenga m'caka ca 2011, akufa ndi khansa ya m'mapapo anali 1,213 mwa ojambulidwa, ndi 1,230 mwa osajambulidwa. Kusiyana kotere sikuli kanthu pa khamu lalikuru lotero. Cithunzi cinapeza nthenda, inde, koma sicinaipeza msanga kokwanira kupulumutsa moyo.

Wina adzati, Amenewo anali anthu osadwala. Nanga munthu wotsokomola kale, wolabvula mwazi, kodi cithunzi cingamphonye? Ici naconso cinayesedwa. M'caka ca 2019 madotolo a ku Leeds, ku England, anasonkhanitsa zimene anzao anapeza m'zipatala zosiyana, naona kuti mwa odwala khansa ya m'mapapo 5 ali onse amene anajambulidwa atayamba kale kumva nthenda m'thupi, cithunzi cinaphonya mmodzi, kapena kuposerapo pang'ono. Izi zinacitika m'maiko a makina abwino ndi akatswiri ambiri owerenga zithunzi.

Cifukwa cace sicibvuta kumva kwa ife okhala pakati pa minda. Munthu ataima pa mseu, napenya m'nkhalango ya bulugama imene eni minda abzala kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi, aona mitengo yonse yasanjikana, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo pamodzi. Mbuzi ikaima kuseri kwa tsinde, iye adzalumbira kuti mulibe mbuzi, ndipo sadzakhala wonama, pakuti sanaiona. Momwemo cithunzi cipenya cifuwa kucokera mbali imodzi, zonse nizisanjikana pa pepala limodzi. Cotupa cikhoza kubisala kuseri kwa mtima, kapena kwa nthiti, kapena kwa pfupa la pansi pa khosi, kapena pakati pamene misempha yaikuru ilowa m'mapapo. Ndiponso cotupa cosafika sentimita imodzi, ndiko kukula kwa nsawawa, sicioneka kawiri kawiri ngakhale ciri poyera. Pamwamba pa izi, woyang'ana cithunzi ali munthu, wotopa nthawi zina, wokhala ndi mzere wa odwala pakhomo.

Anthu anzeru sanagwa mphwayi. Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, anapeza masamu ace, ndipo Godfrey Hounsfield wa ku England anapanga makina amene aicha CT, amene anayesedwa pa wodwala woyamba ku London m'caka ca 1971. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1979. Makinawa azungulira munthu ndi kuunika komweko kwa Röntgen, naonetsa thupi m'magawo-magawo, monga mai adula nthoci timagawo kuti aone ngati muli pobvunda. Kuseri kulibenso. Ku America anayesa makinawa pa anthu 53,454 osuta fodya kwambiri kapena amene analeka, nawalinganiza ndi cithunzi cakale. Ndipo m'caka ca 2011 anapeza kuti pamene cithunzi cinataya anthu 5, CT inataya 4. Ku Netherlands ndi ku Belgium anatsimikiza zomwezo m'caka ca 2020.

Komatu nayonso CT iri ndi cilema cace, ndico kuona zambiri. Mwa kuyesa 4 kuli konse, kumodzi kunaonetsa kanthu kokayikitsa, ndipo mwa tinthu 100 totere, 96 sitinali khansa. Cithunzi cakale naco, mwa mithunzi 100 imene inacititsa mantha, yoposa 94 inali ya zinthu zina. Tsono zithunzi zilakwa njira ziwiri: zibisa nthenda imene iripo, ndipo ziopsa munthu ndi nthenda imene palibe. Mau otsiriza sacokera ku cithunzi ciri conse, koma ku kanyama kamene dotolo atenga pa cotupa comweco ndi singano kapena ndi kacingwe kolowa pa m'mero, nakapenya pa galasi lokuza tinthu tating'ono.

Tibwerere tsopano kwathu, pakuti kuno bvuto liri la mtundu wina. Ku England mthunzi woyera m'cifuwa ca nkhalamba ukumbutsa dotolo khansa. Kuno umkumbutsa cifuwa cacikuru, ndipo kawiri kawiri alondola, popeza ndiyo nthenda yocuruka. Pamene kacirombo ka HIV kanafala, cifuwa cacikuru cinasefukira m'boma lino. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kuthangata cipatala ca boma ca Thyolo m'caka ca 1997, ndipo m'zaka zotsatira zinapezeka kuti mwa odwala cifuwa cacikuru 10 ali onse, oposa 7 anali nakonso kacirombo. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kuno m'caka ca 2003. Mwa odwala otere tizirombo ta cifuwa kawiri kawiri sitioneka m'makhololo. Cifukwa cace lamulo la cipatala linali lakuti, makhololo akapanda kuonetsa kanthu, ndipo mankhwala a cibayo akalephera, ajambule cifuwa. Mthunzi ukaoneka, ayambe mankhwala a miyezi yambiri. Lamuloli linapulumutsa anthu osawerengeka, ndipo sitilinyoza. Koma linasenzetsa cithunzi katundu woposa mphamvu yace, ndiko kuchula dzina la mthunzi.

Taonani kucuruka kwa eni mithunzi m'zifuwa za anthu athu. Pali cifuwa cacikuru ca tsopano, ndi zipsera za cifuwa cacikuru cimene cinapola kale, pali cibayo, pali khansa ija ya Kaposi, imene ioneka pa khungu nilowanso m'mapapo, pali zipsera za pfumbi la ku Joni mwa madala aja tinawachula. Pakati pa khamu lotere khansa ya m'mapapo iyenda ngati mlendo wobvala zobvala za mwini mudzi, pakuti nayonso itsokomoletsa, iondetsa, ilabvulitsa mwazi. M'maiko ambiri a cifuwa cacikuru madotolo alemba za odwala khansa amene anayamba amwa mankhwala a cifuwa miyezi yambiri cabe, cotupa cirikukula. Ndipo madala a ku migodi ayenera kucenjera koposa, pakuti m'caka ca 1997 akatswiri a khansa a bungwe la umoyo la maiko onse anaweruza kuti pfumbi la mwala wotere likhoza kubala khansa ya m'mapapo. Utsi wa moto wophikira m'nyumba yopanda mazenera nawo ubvulaza mapapo a amai amene sanasute ndudu ciyambire. Tsono asanene munthu kuti, Ine sindisuta, nthendayi si yanga.

Masiku ano pali thandizo limene makolo athu analibe. M'caka ca 2010 bungwe la umoyo la maiko onse linabvomereza makina a GeneXpert, amene apeza tizirombo ta cifuwa cacikuru m'makhololo mwa maora owerengeka, ngakhale tiri tocepa. M'caka ca 2021 linabvomerezanso kuti kompyuta iziwerenga zithunzi za cifuwa. Koma tizindikire kuti cibvomerezo cimeneco cinali ca kusaka cifuwa cacikuru. Kompyuta ikati mulibe cifuwa cacikuru, siinanena kuti mulibe khansa. Makina a CT ndi akatswiri openya kanyama apezeka m'zipatala zazikuru za m'mizinda, monga ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo njira yofikira kumeneko iyamba pa cipatala caching'ono ca pa munda kapena ca m'mudzi, nipita pa Thyolo kapena pa Malamulo, kufikira ku Queen Elizabeth.

Nanga tidzatani, abale? Poyamba, tisapeputse cithunzi. Ciri mboni yoona, ya mtengo wocepa, yopezeka pafupi, ndipo mwa odwala khansa 5 cigwira 4. Munthu wotsokomola masabata awiri apite kucipatala, apereke makhololo, ndipo akamuuza kujambulidwa asakane. Koma tikumbukire kuti ngakhale m'cilamulo ca Mose mlandu waukuru sunathe ndi mboni imodzi. Thupi la wodwala liri mboni yaciwiri, ndipo nthawi iri mboni yacitatu.

Cifukwa cace, cithunzi cikati muli bwino, koma munthu alikutsokomolabe, alikuonda, alabvula mwazi, mau ace asasa, apuma mobanika, kapena amva kupweteka kosatha m'cifuwa kapena pa phewa, abwerere kucipatala, asacite manyazi kuti adzatopetsa dotolo. Akapatsidwa mankhwala a cifuwa cacikuru, amwe tsiku ndi tsiku, asaleke yekha; koma ikatha miyezi 2 wosaona kusintha, makamaka ngati tizirombo sitinapezeke m'makhololo ace, anene poyera, nafunse mwaulemu kuti, "Kodi singakhale nthenda yina? Kodi palibe kuyesa kwina?" Akuru anati safunsa anadya phula. Auze dotolo zonse: zaka zimene anasuta fodya, wa m'sitolo kapena wopicira yekha, ndi zaka zimene anagwira nchito pansi pa nthaka. Asunge kabuku kace ka kucipatala ndi cithunzi cakale ngati ali naco, pakuti mthunzi umene wakhala cimodzimodzi zaka zambiri suopsa monga umene wakula m'miyezi itatu, ndipo dotolo sangadziwe ici popanda kulinganiza ziwirizo.

Kwa akuru a mpingo ndi amai a cigwirizano tinena ici. Ambiri aleka njira pakati si cifukwa ca kupusa, koma ca kusowa ndalama ya galimoto ya ku Blantyre, ndi kuopa kutaya masiku a nchito m'nyengo yothyola tiyi. Mutu umodzi susenza denga. Mpingo umene usonkha ndalama ya bokosi la maliro ukhozanso kusonkha ya ulendo, munthu akali moyo. Ndiponso pamene mankhwala alephera ndipo cithunzi cati muli bwino, pamenepo mpamene manong'onong'o a ufiti ayamba, mbale naloza mbale cala. Ife amene tadziwa kuti cotupa cibisala kuseri kwa mtima tiyenera kutseka pakamwa pa bodza lotere. Khansa yopezeka ikali yaing'ono ikhoza kudulidwa, munthu nakhala zaka. Yopezeka mocedwa siicira kawiri kawiri, komabe alipo mankhwala oletsa ululu, monga apereka ku Tiyanjane pa cipatala ca Queen Elizabeth, ndipo wodwala wodziwa coona akhoza kukonza za nyumba yace ndi za mtima wace mu mtendere.

Potsiriza, anyamata athu amve ici. Zapita zaka zoposa 125 cipezere Röntgen kuunika kwace, ndipo makina onse amene anapangidwa m'zaka zimenezi sanapulumutse anthu ambiri ku khansa ya m'mapapo monga kuleka fodya kwawapulumutsa. Wosayamba asayambe, woyamba kale aleke lero, pakuti ngozi icepa caka ndi caka kwa iye amene waleka. Mulungu anapatsa anthu nzeru yakupenya m'kati mwa cifuwa, ndipo timyamika. Atipatsenso ife kudzicepetsa kwakudziwa malire a nzeruyo, ndi cikondi cakuperekeza mbale wathu kucipatala kaciwiri ndi kacitatu, kufikira nthenda yace yadziwika dzina.